Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Chithunzi cha pakhoma ku Grissom

Gawo lathali tinalekezera ndikutuluka ku Lackland kuja ku San Antonio, komwe amaphunzitsira asilikali atsopano a Air Force ya ku America, nditada bii ndi dzuwa la ku Texas, nditaonda moti buluku limachita kufuna lamba. Lero ndikuuzeni za chithunzi china chake chomwe chinandiyimitsa mutu mu 2016.

Kaye kwa amene simukudziwa, Air Force Reserve yomwe ndinalowayo si usilikali wa tsiku ndi tsiku ayi. Umakhala ndi ntchito yako yanthawi zonse, ine inali ya ku nursing home ku South Bend, kusambitsa ndi kudyetsa agogo a eni ake, kenako weekend imodzi pamwezi umavala yunifomu, kuphatikizapo masabata awiri pachaka. Ndiye Lachisanu ndikaweruka ndinkangolowa mu ka Corolla kanga n'kutsika ndi msewu wa US 31 mpaka ku kampu ya asilikali ya Grissom, pafupi ndi tauni ya Peru, eya Peru ya ku Indiana konkuno osati ina ija. Kumeneko kuli ndege za KC-135, zija zimamwetsa mafuta ndege zinzake zili m'mlengalenga momwemo. Ine ntchito yanga pa ndege zimenezo? Zero. Ndinali wa ku khitchini, 4 koloko m'bandakucha ndili pa mazira, kaneti kumutu, mapailoti akudutsa ndi mathileyi awo.

Sikuti sindinafunse. Tsiku loyamba lenileni ndinauza wolemba asilikali uja kuti bwana ine ndikufuna kuwulutsa ndege, iye anangomwetulira n'kundiwerengera pa zala: pailoti amakhala ofisala, ofisala amafunika digiri komanso akhale nzika, ndipo nthawi imeneyo zaka zolowera sukulu ya ndege zinkathera pa 30. Ine ndinali ndi 32, green card ndi MSCE yanga. Nkhani inathera pomwepo.

Tsono m'maofesi a asilikali mumakhala khoma la zithunzi za mabwana, kuyambira pulezidenti kutsika mmunsi mpaka kwa komanda wanu. Ndinkadutsapo osayang'ana n'komwe, nkhope zake zomwezomwezo. Weekend ina nditanyamula bokosi la makapu ndinangoona kuti pomwe panali General Jackson, bwana wamkulu wa Reserve, pali mzimayi, nyenyezi zitatu paphewa, mapiko a upailoti pachifuwa. Ndinayika bokosi pansi n'kuwerenga dzina, Lt Gen Maryanne Miller.

Nthawi ya break ndinamufufuza pafoni. Analowa usilikali mu 1981 kuchokera ku Ohio State University, ine ndisanabadwe abale. Ndege zake sizinali zija za nkhondo zomwe anyamata amazitama, zinali zonyamula katundu, C-141, C-5, KC-10, C-17, maola oposa 4,800 ali m'mwamba. C-5 mukaiona simungakhulupirire kuti imanyamuka, mphuno yake imatseguka yonse kupita m'mwamba n'kumeza magalimoto ndi mahelikoputa ngati ng'ona. Anatsogolerapo gulu la ndege la 349th Air Mobility Wing ku Travis, California, ndipo mu July 2016 ndi pomwe anamupatsa Air Force Reserve Command yonse, likulu lake ku Robins ku Georgia, anthu pafupifupi 70,000, ine wa mazira ndili momwemo. Mzimayi woyamba pa mpando umenewo.

Ndinene chilungamo, choyamba kubwera sichinali chimwemwe, inali nsanje. Ndinakumbuka ndili ka mtsikana ku Chileka titakwera pachulu kuonera ndege ya Air Malawi ikutera, ine n'kunena kuti ndikadzakula ndidzayendetsa imeneyo, amalume anaseka mpaka kutsokomola amvekere "iwe ndege si mtondo, thamanga ukatunge madzi." Nthawi imene amalume ankaseka ija, mayi ameneyu n'kuti akuwulutsa kale chindege choposa cha pa Chileka chija. Palibe anatiuzapo kuti zoterezi zimachitika, ndipo mpaka lero chimandiwawa n'chimenecho, osati za mazira.

Sindinakumanepo naye, musaganize kuti tinamwera limodzi tiyi. Chithunzi chinachoka pakhomapo mu September 2018 atamuwonjezera nyenyezi yachinayi n'kupita kukatsogolera Air Mobility Command, nthambi yoyang'anira ndege zonyamula katundu ndi zomwetsa mafuta, ku Scott, Illinois, woyamba wochokera ku Reserve kufika pa nyenyezi zinayi. Anapuma ntchito mu 2020.

Lamlungu la weekend yomwe ndinaona chithunzi ija, madzulo ndili mu Corolla ndinayimbira amayi pa WhatsApp kuwauza kuti bwana wathu wamkulu ndi mzimayi ndipo ndi pailoti. Anakhala chete kaye, kenako "nanga iweyo ndegezo uyamba liti mwana wanga, kutchalitchi ndinawauza kale kuti umayendetsa." Ndinati amayi ine ndimaphikira oyendetsawo. Amvekere "aaa basi tisawauze zimenezo." Lolemba lake ndisanapite ku shifiti ndinadutsira ku koleji ya Ivy Tech kukatenga mafomu a sukulu, za momwe ndinalimbanirana ndi algebra ndili ndi zaka 33 ndikuuzani gawo likubwerali.