Anatiitanira za mafoni koma choyamba kutigawira chinali pepala

Holide yapitayi ndinali pa teleningi ya masiku 3 ya momwe tingathandizire ana kulemba maganizo awo m'phunziro lililonse, pa TDC (malo ophunzitsirako aphunzitsi) ya zoni yathu, ndipo mpaka pano nkhani yake sikuchoka m'mutu ndiye ndati ndilembe kuti anzanga amene simunabwere mumveko. Ine ndimaphunzitsa sayansi ndi masamu sitandade 6 kuno ku Mangochi, cha mbali ya ku Malombe uku, ana m'kalasi mwanga amapitirira 100 tsiku limene onse abwera.

Uthenga wotiitana unati aliyense abwere ndi foni yochaja bwino. Ndiye m'njira tinkangokambirana kuti mwina atiikira ma app, ena mpaka ankati mwina agawa matabuleti. Tangokhala pansi, mayi amene ankatsogolera anati mafoni onse alowe m'zikwama, n'kugawa mapepala.

"Aphunzitsi, mphindi 10 zokha. Lembani chifukwa chake usipa woyanika pa thandala suwola msanga pomwe wosiyidwa mu beseni umakhala utayamba kale fungo pofika madzulo. Lembani ngati mukuuza mwana wa sitandade 5, ndipo notsi za m'buku ayi."

Mu holo monse zii. Tonse tinakulira pafupi ndi nsomba, yankho tikulidziwa, koma kuliika pa pepala m'mawu akoako kuti mwana amve, inali nkhani ina. Ine ndinalemba chiganizo choyamba, kufufuta, kulembanso, ndipo mphindi zitatha ndinali ndi mizere 4 basi. Ndinalemba kuti dzuwa limachotsa madzi mu nsomba. Mayi aja atawerenga anandifunsa kuti, "Nanga madziwo akalakwa chani asala? Mwana akakufunsani kuti nsomba ija imakhala m'madzi moyo wake wonse osawola bwanji, muyankha kuti chani?" Apo m'pamene ndinaona kuti ndadumpha pakati penipeni pa nkhani, kuti tizilombo tosaoneka ndi maso timene timawoletsa nsomba yakufa timafuna chinyezi kuti tichulukane, ndiye ukachotsa chinyezi watimana pokhala. Ndimadziwa, ndimaphunzitsa chaka ndi chaka, koma pepala linandionetsa pomwe kufotokoza kwanga kumaduka.

Ndinabwerera kunyumba tsiku limenelo ndikudzifunsa kuti kodi ndi liti pamene ndinalembapo maganizo anga ine mwini. Sikimu timalemba, lesoni pulani timalemba, malipoti a kwa ahedi timalemba, koma zonsezo n'zodzaza mabokosi. Ndipo ana athu tawazoloweza chimodzimodzi. Mphunzitsi alembe pa bolodi, mwana akopere mu kope, belu lilire. Kope ladzaza bwinobwino mpaka kumapeto koma mulibe chiganizo ngakhale chimodzi chimene mwanayo anachiganiza yekha. Kulemba tinakusiyira aphunzitsi a Chichewa ndi English, ati chimangirizo ndi kalata ndi zawo, ife a masamu ndi sayansi tingofuna yankho. Kenako mwana akafika pa PSLCE, mayeso a sitandade 8 aja, kapena akapita ku sekondale n'kukumana ndi funso la MANEB loti afotokoze, timadabwa kuti wasiya malo osalemba.

Mafoni anatuluka tsiku lachiwiri. Ndipo zimene anationetsa si zachilendo ayi, ndi zomwe tili nazo kale m'manja, kamera, chojambulira mawu ndi WhatsApp. Anatiika awiriawiri osakaniza, wa masamu ndi wa Chichewa, wa agriculture ndi wa social, kuti wina afotokoze nkhani pakamwa mnzake akujambula mawu, kenako aimvere yekha n'kuilemba. Ine ndinali ndi bambo wina wa social amene anasankha nkhani ya pa boma pompa, nsanja ya wotchi ija pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Anafotokoza bwino zedi kuti tauniyi kale inkatchedwa Fort Johnston, kuti nsanjayo inamangidwa pokumbukira Queen Victoria, kuti pompo pali mfuti ya sitima ya Guendolen imene inamenya nawo nkhondo pa nyanja mu 1914, komanso chikumbutso cha anthu amene anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946. Atamvera mawu ake omwe anati, "Mphunzitsi, ana anga ambiri amadutsa pamenepaja popita kumsika kapena kuchipatala koma sindinawauzepo kuti alembe zimene amaona." Pulani yake tsopano ndi yoti akajambule zithunzi pa foni, azionetsa m'magulu, mwana aliyense alembe kaye mafunso 3 amene chithunzicho chamupatsa, notsi zibwere pambuyo.

Kujambula mawuku kwa ine ndi kumene kunandigwira mtima kwambiri chifukwa cha nkhani ya chiyankhulo. Anzathu a kwina mwina simuziona, koma kuno mwana wambiri kunyumba amayankhula Chiyao, akabwera kusukulu akumana ndi Chichewa, masana ena ali ku madrasa kumene akuphunzira zilembo za Chiarabu, ndiye akafika sitandade 5 maphunziro onse asanduka English. Mwana mmodzi yemweyo. Ukamupatsa pepala kuti alembe mu English za photosynthesis amangokhala, iwe n'kumati sakudziwa kanthu, chonsecho nzeru zilimo, zatsekeka pa khomo la chiyankhulo. Ndiye njira imene tinayeserera ndi yoti gulu likambirane kaye m'chiyankhulo chimene akumasuka nacho, mmodzi afotokoze ndikumujambula, amvere, alembe m'Chichewa ziganizo zochepa, kenako tithandizane kuzipititsa mu English. Zimadya nthawi, izo n'zoona. Koma ndayesa kale kawiri chitsegulireni sukulu ndipo ana amene sindinamvepo mawu awo chiyambire temu anayamba kulimbirana kuti ajambulidwe.

Phunziro limene ndinayesera linali la nsomba za m'nyanja ya Malombe. Ana awa makolo awo ndi asodzi, ena azichimwene awo ndi alovi, ogwira ntchito kwa eni makoka, amadziwa khoka la nkacha, amadziwa kuti chambo chinali chambiri kale koma pano chikusowa. Ndinawafunsa kuti alembe chifukwa chake boma limatseka nyanja miyezi ina. Mnyamata wina amene nthawi zambiri amakhala kumbuyo analemba kuti chambo chimasunga ana ake m'kamwa, ndiye ukagwira mayi mmodzi nthawi imeneyo wapha ndi ana onse. Zilembo zake zinali zokhotakhota, masipelo olakwika, koma sayansi yake inali yolondola kuposa momwe ine ndikanaikira pa bolodi. Ndinajambula tsamba limenelo, dzina nditaphimba ndi chala, n'kutumiza pa gulupu yathu ya aphunzitsi.

Za kuphimba dzinazi mayi aja anatsindika kwambiri ndipo ndikugwirizana nawo. Ntchito ya mwana ingayende pa gulupu koma dzina lake ndi nkhope yake ayi, chifukwa chinthu chikalowa pa WhatsApp sudziwa kumene chikathere, ndipo mwana akasekedwa kamodzi chifukwa cha zomwe analemba sadzalembanso.

Ku masamu nako ndasintha kanthu kamodzi kakang'ono. Pansi pa samu imodzi pa sabata, mwana alembe ziganizo 2 kapena 3 zonena momwe wapezera yankho. Apa m'pamene ukuona zinthu. Mtsikana wina anapeza yankho lolondola pa samu ya ma fraction koma zimene analemba zinaonetsa kuti anangoonera kwa mnzake, pomwe wina yankho linali lolakwika koma kufotokoza kwake kunali bwinobwino, anangophonya pochotsera pomaliza. Ndikanangochonga mwa nthawi zonse, woyamba akanapeza tiki wachiwiri ekisi, ine n'kumapita kunyumba ndikuganiza kuti ndikudziwa amene wamva ndi amene sanamve.

Funso limene linabuka mu holo, ndipo linabuka mokweza, ndi la kuchonga. Madamu ena anaimirira n'kunena kuti makope 100 ndi kuposa, aliyense walemba ndime, ndichonga nthawi yanji, ndili ndi ana kunyumba, madzi ndikatunge, ndiphike. Anthu anaomba m'manja chifukwa ndi zoona zimenezo. Yankho limene tinapatsidwa ndi loti si zonse zolembedwa zimafuna cholembera chofiira. Utenge makope 10 lero, ena 10 mawa, uwerenge kuti uone pomwe ana ambiri akusokonezeka, ujambule awiri kapena atatu, mawa lake uwerengere kalasi n'kukonza limodzi. Ena asinthane makope awerengerane. Ine sindikunena kuti zathetsa vuto, kalasi ya ana 100 ndi ya ana 100 basi, chiyambire pulayimale yaulere mu 1994 makalasi athu akhala odzaza chonchi ndipo foni singamange buloko kapena kulemba ntchito mphunzitsi wina. Koma kusiyana ndi kusalembetsa n'komwe, bola makope 10.

Tinakambanso za matabuleti. Ambiri mukudziwa kuti kunali pulojekiti ya Unlocking Talent, kenako mu 2023 boma linayamba ina yotchedwa BEFIT, ana a sitandade 1 mpaka 4 kumaphunzira kuwerenga ndi masamu pa tabuleti zochajidwa ndi sola. Komanso National Reading Programme, pulogalamu yophunzitsa ana kuwerenga, yakhala ilipo kuyambira 2016 m'makalasi omwewo. Ndi zabwino ndipo anzathu amene ali nazo akuti ana amazikonda. Nkhawa yanga ili pa ife a makalasi a pamwamba. Mwana uja wazolowera kudina, kumva mawu, kusankha yankho, akabwera kwa ine sitandade 5 kapena 6 ndimulandira ndi chani? Ngati ndingomubwezera ku kukopera notsi ndiye kuti kuwerenga kumene waphunzira kuja kwathera panjira. Maphunziro ambiri a aphunzitsi amapita kwa a makalasi ang'onoang'ono, ife a sinia timangomva, ndiye teleningi iyi inali yoyamba kwa ine kukhala pansi ndi wa Chichewa, wa agriculture, wa life skills, tonse kukamba za mwana mmodzi.

Panali mkangano wina wabwino tsiku lomaliza. Mphunzitsi wachinyamata, wangotuluka kumene ku TTC, koleji ya aphunzitsi, anaonetsa momwe amafunsira foni kuti imulembere notsi ndi mafunso, mphindi imodzi zatuluka zonse mu English yosalala. Anthu anachita chidwi. Koma titaziwerenga bwino, zitsanzo zake zinali za nsomba ndi mbewu zimene mwana wa ku Namwera kapena ku Makanjira sanazionepo, mulibe usipa, mulibe mwera, mulibe chinangwa. Maganizo anga ndi oti chidachi tigwiritse ntchito, ine ndemwe ndimafufuza zinthu pa Google ndisanalowe m'kalasi, koma mphunzitsi ayambe walemba yekha kaye, apo ayi tingosintha pokopera, kuchoka m'buku kupita pa foni, mwana n'kukhala pomwe analipo.

Chimene chimandipweteka ndi mateleningi ambiri amene ndakhalapo ndi choti akatha atha. Mwasaina, mwalandira ya thiransipoti, mapepala a pa khoma aja akulungidwa, palibe amene adzabwere kudzaona ngati zikutheka m'kalasi yeniyeni ya pansi pa mtengo. Nthawi ya Covid mu 2020 sukulu zitatsekedwa miyezi yambiri tinkamva zophunzira pa intaneti ndi pa wailesi, koma kuno ana ambiri anali kunyanja, atsikana ena sanabwererenso, ndipo ife aphunzitsi tinalibe ngakhale njira yolankhulirana za ntchito. Ndiye ulendo uno tinagwirizana tokha kuti gulupu isafe. Lamulo lake ndi losavuta, Lachisanu lililonse aliyense atumize chithunzi chimodzi cha zomwe mwana walemba m'phunziro lililonse, ndi mawu ochepa onena zomwe iye waphunzirapo. Za maliro, za mpira, za ndale zipite kwina. Bandulo ndi yodula, netiweki kwathu kuno imafuna ukwere pa chulu, magetsi akazima foni imagona kwa wochajitsa pa msika, ndiye si onse amene amatumiza. Koma masabata 3 apita ndipo ikuyendabe, a PEA, alangizi a sukulu za m'zoni yathu, nawo alimo ndipo sabata yatha anayankhapo.

Chinanso tinagwirizana n'choti ifenso tizilemba. Kamodzi pa mwezi, tsamba limodzi, nkhani iliyonse ya m'kalasi mwako. Izi mukuwerengazi ndi zanga za mwezi uno, zangotalika.

Sabata ya mawa ndili ndi mutu wa madzi ndi matenda. Ana awa kolera ya 2022 ndi 2023 anaiona ndi maso, Mangochi inali m'gulu la maboma amene anavutika kwambiri, ndiye sindiyamba ndi notsi. Ambiri mwa iwo abambo awo kapena amalume awo ali ku Joni, amalankhulana pa voice note pa foni ya amayi awo. Ndawauza kuti aliyense alembe kalata yaifupi kwa wachibale amene ali kutaliyo, kumufotokozera momwe kolera imafalikira ndi zimene pakhomo akuchita kuti madzi akumwa akhale abwino, kuwiritsa kapena kuthira klorini. Madamu a Chichewa avomera kuti awathandiza kakonzedwe ka kalata pa piriyodi yawo, ine ndiona za sayansi. Amene makolo awo alola, adzaiwerenga pa foni n'kuitumiza kwa mwini wake. Mtsikana wina wandifunsa kale ngati angalembe yake m'Chiyao poti abambo ake ndi chimene amamva bwino, ndamuuza kuti alembe, kenako tidzakhala pansi ndi madamu tiimasulire limodzi.