Loweruka la mbuna zatsopano

Lero ndinalawira kusitolo ya nsomba zoweta, kunja kukuwaza kamvula ka ku Manchester kosatha kaja. Ndimakatenga mbuna 6 zimene ndinaitanitsa sabata yatha, zachikasu zija amati yellow lab, dzina lake la sayansi Labidochromis caeruleus. Mtundu wake ndi wa m'miyala ya cha ku Nkhata Bay, koma izi zinaswedwa m'mathanki, nyanja sizinaionepo. Mtengo wake amalume a ku Monkey Bay asaumve, angadzanene kuti ndapenga.

Jumbo ya nsombayo ndinaikulunga ndi thaulo n'kuifungatira m'jekete njira yonse ngati khanda, kuopa kuzizira.

Nditafika ndinayamba ndi kuzimitsa getsi la thanki, kenaka ndinasuntha miyala yonse. Muli kale tonde wina wabuluu, mbuna yaimuna, amene amati phanga lililonse ndi lake. Ukasokoneza miyala, naye amakhala ngati mlendo, ndiye ndewu imachepako.

Jumboyo ndinaiyandamitsa pamadzi osaimasula kwa mphindi 20, kuti madzi ake afunde mofanana ndi a m'thanki, omwe ndimawasunga pa madigiri 26. Mwana wanga wamkazi anali atagunditsa mphuno pagalasi.

"Adadi, bwanji simukungozitulutsa? Zapanikizikatu."

"Dikira, mama. Waiwala za chaka chatha?"

Sanaiwale. Nthawi imeneyo ndinangokhuthula jumbo yonse, kukacha ziwiri zili chagada. Vuto silikhala kutentha kokha. Madzi a m'mipopi ya kuno ndi ofewa, alibe michere ya m'miyala yambiri, pomwe a m'nyanja yathu pH yake, muyeso wa asidi m'madzi, imakhala cha m'ma 8. Thanki yanga ndinathiramo miyala yoperapera ya korali kuti madzi afanane ndi akwathu, tsono amasiyana ndi a kusitolo. Nsomba ikasinthiridwa madzi mwadzidzidzi chotero, thupi limalephera kutsatira: imapuma mofulumira, mtundu umafwifwa, ndipo matenda ngati timadontho toyera tija amaipeza mosavuta.

Ndiye ndinamasula jumbo, n'kumathiramo theka la kapu ya madzi a m'thanki mphindi 5 zilizonse, mpaka madzi anachuluka kuwirikiza. Zinatenga ngati theka la ola. Izi zimatheka chifukwa ulendo unali waufupi. Nsomba zogonera m'jumbo usiku wonse suzichedwetsa chonchi, poti ukangomasula, amoniya wa m'zonyansa zake amayamba kuluma kwambiri.

Pomaliza ndinazivuula ndi kaukonde imodziimodzi. Madzi a m'jumbo ndinakataya kusinki. A kusitolo salowa m'thanki mwanga. Ndivomere pano kuti mwa dongosolo lake zimayenera kuyamba zakhala m'thanki yapadera masabata angapo kuopa matenda. Ndilibe. Mayi a kunyumba anati thanki yachiwiri ikalowa pabalaza, ine ndituluke.

Madzulo onse zinabisala. Cha m'ma 9 koloko ndinasuzumira ndi kuwala kochokera kukhitchini: zinayi zaunjikana kuseri kwa hita, imodzi ikutola ndere pamwala ngati inabadwira pomwepo. Yachisanu ndi chimodzi sindinaione. Tonde uja anali kalikiliki kufukula mchenga pansi pa phanga lake latsopano, alendo osawalabadira.

Chakudya mpaka mawa masana. Kachitini kake ndakaika pamwamba pa firiji, poti mwana uja ndamupeza kawiri konse akukatsegula.