Sabata ya mafuta a malambe ndi mfula

Lolemba ndinalawirira ku Chipoka kukatenga nthangala za malambe zomwe azimayi a gulu lathu amasunga akachotsa ufa uja wa juwisi. Matumba awiri ndinabweza, anali a chinyezi ndipo ukangomasula kukamwa fungo la chuku limakulandira, zinandiwawa chifukwa ndimadziwa mtunda umene anawasenza koma nthangala zotere zimawononga mgolo wonse. Lachiwiri ndi Lachitatu kunali kufinya basi, makina athu safuna moto, mafuta amangodontha pang'onopang'ono, a chikasu ngati uchi.

Tsiku lomwe ndimadikira linali Lachinayi, pomwe zotsatira za masampulo a mwezi watha zinafika kuchokera ku labu ku Lilongwe. Kumeneko amagwiritsa gas chromatography, makina olekanitsa ma fatty acid, tizigawo timene timapanga mafuta, kuti uone kuti mu dontho limodzi muli chani. Mwa ma fatty acid amenewa, mafuta a malambe amakhala ndi oleic pakati pa 30 ndi 40 peresenti, linoleic cha m'ma 30 momwemo, kenako palmitic. A mfula ndi nkhani ina, oleic yokha imadutsa 70, nchifukwa chake botolo la mfula limakhalitsa osasintha fungo ngakhale ndi kutentha kwathu kwa Salima kuno, pomwe mafuta a linoleic yambiri ngati a mpendadzuwa mpweya ndi dzuwa zimawagwira msanga. Vuto la mfula ndi kuswa kokha, mayi amakhala tsiku lonse ndi mwala kuti adzaze kapu.

Koma mzere umene ndinauyang'anitsitsa pa zotsatirazo ndi wa ma fatty acid ena awiri, sterculic ndi malvalic. Awa ali m'mafuta a malambe, alinso m'nthangala za thonje lomwe timalima konkuno, kungoti a thonje amayengedwa kufakitale asanafike mu poto. Athuwa ndi osayenga, ndipo ma acid amenewa amasokoneza momwe chiwindi chimasinthira mafuta m'thupi. Ku Tanzania boma linachenjezapo anthu mu 2013 kuti asamamwe mafuta a malambe pa chifukwa chomwechi.

Ndiye Lachisanu kunabwera mayi wina wachikulire ndi kabotolo kake, akuti "mwanangu, ndithireni a malambewo, bambo kunyumba azimwa supuni imodzi m'mawa, akuti amatsitsa BP." Ndinawakhazika pa benchi nkuwauza kuti amayi, ufa wa malambe imwani mmene mungathere, koma mafutawa ndi odzola, a khungu ndi tsitsi, bambowo apitirize mankhwala akuchipatala. Anakhala chete kanthawi, kenako anapempha kuti ndiwathire pang'ono a ming'alu ya kumapazi.

Atapita ndinatenga malebulo onse nkuwonjezera ndi cholembera, botolo lililonse: odzola okha, osamwa, osaphikira. Ndinaweruka mdima utagwa.