Mpiru Wofota Wandimasulira Von Thünen

Pomaliza zalowa! Masabata atatu ndakhala ndikuyang'anitsitsa mizere yozungulira ya Von Thünen ija ya m'kalasi, yosonyeza zimene zimalimidwa pafupi ndi patali ndi tauni, osaona kuti ikundikhudza pati. Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Lilongwe pa Lizulu, dengu la mpiru la amayi ena litanditsamira pamwendo. Tisanafike pa Nathenje masamba anali atayamba kufota, amayiwo akungowaza madzi a m'botolo uku akudandaula. Mpamene mutu unatseguka.

Von Thünen, Mjeremani katswiri wa zachuma, mu 1826 anaika mkaka ndi ndiwo zamasamba mumzere woyandikana ndi tauni chifukwa sizipirira ulendo. Nkhani yonse ndi imeneyo basi. Kabichi, anyezi ndi mbatatesi zochokera ku Dedza ndi Ntcheu zimafika pamsika wa Wakawaka ku Lilongwe pamalole, zili bwinobwino, pamtengo woti iwe wa kadimba ka kuseri kwa nyumba ku Area 25 sungaufikire. Koma mpiru, chayinizi ndi letesi wothyola m'mawa womwewo, lole singakupose. Chimene wogula akulipira ndi kuyandikira kwako. Ine m'pulani yanga ya bizinesi ya asainimenti ndinali nditalemba kabichi, taonani manyazi ake.

Ndiye ndagwa m'chikondi ndi njira yopeza ogula usanafese, yofanana ndi teikei imene Ajapani anaiyamba m'ma 1970. Ulembe nyumba 20, ufese bedi latsopano sabata iliyonse kuti zisakhwime pamodzi, uziperekera pakhomo Lachisanu, iwo azilipira pa Airtel Money kapena Mpamba mwezi ukayamba. Venda palibe, chiphaso cha pamsika palibe, zotsala zokataya madzulo palibe. Kwa ine njira zina zonse ndi juga, ngakhale anzanga a m'gulu akuti ndikuikometsera mopitirira.

Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anatha theka la temu akutijambulitsa mabokosi 9 a business model canvas (tchati cholembapo pulani ya bizinesi), zitsanzo zake za minda ya pamadenga ku New York. Kutitengera kumsika m'bandakucha tsiku limodzi lokha kukanakwana. Pano asainimenti ikufunika Lolemba, ndiyambirenso.

Pamene sindinapamvetse ndi nthawi ya dzinja. Bonongwe ndi chisoso zimamera zokha paliponse, nkhwani aliyense ali nawo pachimanga chake. Kodi munthu angapitirize kundilipira mu Febuluwale? Komanso mu Okutobala, bilu ya madzi a pampope ikabwera, mwina phindu lonse lithera momwemo. Sindinawerengetse bwino, ndipo ndikuchita kuopa kutero.