Nyanja yonse ija, koma yogwira ntchito ndi mamita 13

Tinali anthu 15 ochokera m'makomiti a madzi a masikimu a mthirira, ndipo tinanyamuka ku Lilongwe m'bandakucha mu Okutobala 2024. Za m'njira sindichulutsa gaga m'diwa: Mchinji, Chipata, Petauke, ndi nsomba zouma za pa mlatho wa Luangwa zomwe zinanunkhitsa basi mpaka ku Lusaka. Kumeneko tinagona mumdima, majenereta akulira mbali zonse. M'mawa mwake, titatsika mapiri a ku Siavonga n'kuona nyanja ya Kariba, tsidya losaoneka n'komwe, atcheyamani athu anafunsa zomwe tonse zinatizunguza: madzi onsewa, magetsi akusowa bwanji?

Yankho tinalipeza titaima pamwamba pa khoma la damu la Kariba, lomwe ndi lalitali mamita 128 ndipo linamalizidwa mu 1959. Khomalo ndi malirenso a Zambia ndi Zimbabwe. Ukayenda pang'ono wafika ku Zimbabwe. Bambo amene ankationetsa malowo analoza m'mbali mwa phiri, pomwe panali mzere wotuwa wosonyeza pamene madzi amafika chaka cha mvula yabwino. Tsikulo anali kutali pansi pake.

Anatifotokozera kuti Kariba ikadzaza imasunga madzi pafupifupi makyubiki mita 180 biliyoni, koma opangira magetsi ndi 65 biliyoni okha. Ngalande zotengera madzi ku makina zili chakumtunda, choncho ntchito yonse imagwiridwa ndi madzi a pakati pa mamita 475.5 ndi 488.5 kuwerenga kuchokera pa nyanja yamchere. Mamita 13 basi. Otsalawo ndi a ng'ona, mvuu ndi kapenta. Amayi msungichuma athu ndiwo anaimva msanga. "Ndiye kuti ndi diramu lomwe mpopi wake anauboola pafupi ndi kukamwa," anatero, ndipo bambo aja anaseka n'kuvomera.

Chomwe chinandigwira mtima ine ndi kagawidwe kake. Nyanjayi imayendetsedwa ndi Zambezi River Authority, bungwe la maiko awiriwa lomwe linakhazikitsidwa mu 1987. Chaka chilichonse amaona madzi omwe ali m'nyanja, mvula yomwe ikuyembekezeka kumtunda ku Angola ndi kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, ndi zomwe zipangizo zoyezera mtsinje zikunena ku Chavuma ndi ku Victoria Falls. Akatero amalengeza gawo la chakacho. Mu 2024 anapereka makyubiki mita 16 biliyoni, 8 kwa ZESCO, kampani ya magetsi ya ku Zambia, ndi 8 kwa Zimbabwe Power Company. Makina alipo, a mamegawati 1,080 kumpoto ku Zambia ndi 1,050 kumwera ku Zimbabwe, koma ambiri anangokhala chete chifukwa gawo linali lochepa. Ndipo sikuti amangoopseza. Mu Novembala 2022 bungweli linalembera a ku Zimbabwe kuti aimitse makina chifukwa anali atatha gawo lawo.

Apa tinayang'anizana mwamanyazi. Kwathu timagawana madzi ndi maola, osayeza kuti m'damu mwatsala angati, ndipo a kumtunda kwa ngalande akatsegula usiku, a kumunsi amangodzuka mpunga utafota. Ineyo ndili kumunsi, ndiye musadabwe kuti nkhaniyi ndaikokera.

Tinasuzumiranso kunsi kwa mageti 6 otayira madzi, komwe mphamvu ya madzi inakumba dzenje lakuya pafupifupi mamita 80 m'thanthwe, mpaka akatswiri anachita kulikuza kuti lisadye maziko a khoma. Mutu unandizungulira, ndinabwerera m'mbuyo. Mageti amenewa satsegulidwa mwachibwana. Madziwo akakumana ndi a Kafue ndi a Luangwa amakathera ku damu la Cahora Bassa ku Mozambique, ndipo nawonso akatsegula, Zambezi amasefukira mpaka komwe Shire wathu amakathirako. Mnzathu wa ku Nsanje sanafune kuuzidwa zambiri pamenepa.

Chomwe ndinaona kuti chinaperewera ndi nkhani ya Atonga pafupifupi 57,000 omwe anasamutsidwa kuti nyanjayi ipezeke. Inangotchulidwa mothamanga tikukwera basi, chonsecho minda ndi manda awo zili pansi pa madzi omwe tinkawajambula aja.

Titabwerako, komiti yathu inazika thabwa lolemba manambala m'damu la sikimu, ndipo mlembi amaliwerenga m'mawa uliwonse tisanagawe madzi. Sabata yoyamba wina analizula usiku. Pano tazika lachitsulo, lothira simenti.