Kusintha magayidi a bandsaw, yezani posti musanatumize ndalama

Magayidi atsopano, tizida togwira blade kuti isapotoke, alowa pa bandsaw yanga, makina ochekera matabwa a blade yozungulira ngati lamba, ndipo akudula mowongoka tsopano, koma ndisaname, zandidyera nthawi ndi ndalama zomwe sizimayenera kupita. Bandsaw yanga ndi ya 14 inch (kukula kwa mawilo oyendetsa blade), zija za ku Taiwan zotengera kapangidwe ka Delta, chitsulo chokhachokha cholemera, blade yake ya 93½ inch kapena kuti 2375mm. Ndinaigula kwa mkulu wina amene ankatseka shedi yake. Inabwera ndi timabuloko tachitsulo tija topana blade uku ndi uku, tonse titadyeka mpaka kuchita ngalande pakati, ndipo bering'i yakumbuyo inali itauma osazunguliranso moti msana wa blade unachita kukumba mzere pankhope pake. Ukati ung'ambe mlombwa wochindikala, pamwamba ikutsata pensulo bwinobwino koma pansi yapita kwake, thabwa kutuluka uku lonenepa uku lowonda. Mmene wakwerera mtengo mlombwamu sungamautaye choncho pa pulena.

Njira zilipo zingapo. Ena amangogula timabuloko totchedwa Cool Blocks, topangidwa ndi pulasitiki yolimba ya phenolic yosakaniza graphite, sitiwononga mano ngakhale titawakhudza. Ena amafuna a ceramic onga omwe amabwera ndi makina a Laguna, ena a mabering'i onga a Carter a ku America, awo ndi abwino koma mtengo wake ukauwerengera mu kwacha umayamba wakhala pansi kaye. Ine ndinasankha seti ya mabering'i yopanda dzina lodziwika, chifukwa ntchito yanga yambiri ndi kung'amba ndi blade ya theka la inchi ya mano 3 pa inchi, komanso ndinkafuna chinthu choti chikatha ndizingogula bering'i mtauni momwe muno.

Chinthu choyamba, ndipo ndichibwerezanso, tengani vernier, kachida kopana koyezera kunenepa kwa chitsulo molondola, muyeze posti, chitsulo chozungulira chija chokwera ndi kutsika chomwe gayidi yapamwamba imamangidwapo. Makina a 14 inch amaoneka ofanana onse koma posti si imodzi ayi. Ina ndi ¾ inch yomwe ndi 19mm ndi kanyenyeswa, ina ndi ⅞ inch yomwe ndi 22.2mm, ina 15/16. Tepi yoyezera matabwa sithandiza apa, vernier basi. Yanga ndi ya 19mm. Ndinajambula vernier ili paposti manambala akuoneka, kutumiza pa WhatsApp kwa alamu anga ku Joni, iwo nkukamuonetsa wogulitsayo. Iye akuti osadandaula, setiyi imalowa pa 14 inch iliyonse. Alamu anga ndi munthu wa zomangamanga, za bandsaw sazidziwa, analipira nkunyamula. Bowo lake linali la 22.2mm. Koma izo ndinadzaziona pambuyo pake, kaye ndikuuzeni za kudepoti chifukwa ndi zomwe zimandiwawabe mpaka pano.

Katunduyu anabwera ndi anyamata aja otenga katundu wa anthu kuchokera ku Joni, ndipo alamu analipiliratu zonse komweko, lisiti ananditumizira. Ka phukusi kake kolowa m'thumba la jekete. Uthenga unabwera usiku kuti galimoto yafika, mubwere mmawa. Ndinatseka shedi, kumuuza mnyamata wanga kuti azingopala miyendo ya mipando, ine ulendo. Kufika kuja geti lotseka, anthu tili mbwee panja, amayi ena ndi ana kumbuyo akudikira mabelo awo. Mlonda akuti abwana apita kukasaka mafuta. Dzuwa linakwera mpaka kufika paliwombo tili pomwepo, popanda ndi benchi lomwe. Atabwera abwanawo anayamba ndi mafiriji, masofa, matayala, ife a timaphukusi akuti tidikire poti tathu tili kutsogolo kwenikweni kwa thilela. Chabwino, zimenezo ndi zomveka. Koma itakwana nthawi yanga mtsikana wa pa tebulo akutsegula kope nkunena kuti pali ndalama ya handling. Ndinati chemwali, handling yake iti poti zonse zinalipiridwa ku Joni, lisiti ndi ili. Akuti ija inali ya transipoti, iyi ndi ya kuno. Ndinafunsa kuti inalembedwa pati, akungondiyang'ana. Nditalimbikira anawonjezera kuti mukachedwa kutenga mawa iyamba kuwerengera storage, storage ya chinthu chomwe ndakhala ndikuchidikira pageti pawo kuyambira mmamawa! Ndinapempha kuonana ndi abwana, anatuluka akudya chimanga chootcha, akuti achimwene musatitayitse nthawi, onse akulipira. Ndipo zoona onse amalipira, aliyense akung'ung'udza koma dzanja lili m'thumba. Ndalama yakeyo inatsala pang'ono kufika theka la mtengo wa magayidiwo, lisiti lake kapepala kong'amba m'kope kopanda chidindo. Mxii. Inu mukamatumiza katundu funsani komweko asanakweze kuti kuno mukalipiranso chiyani, ndipo akulembereni pa lisiti kuti palibenso china, apo ayi mupeze munthu wobwera pa basi akuikireni m'chikwama.

Ndinafika kunyumba kutada, kuyesa kulowetsa paposti, gayidi ikungogwedera. Kubweza ku Joni sikukanatheka, ndiye kuti kulipiranso anthu omwe aja. Ndinapita kwa madala ena a lathe, makina osemera zitsulo, kuti andisemere bushi, kapaipi kolowa m'bowo la gayidi kuti igwire posti, kunja 22.2mm mkati 19mm. Khoma la bushi yotere ndi lopyapyala, 1.6mm basi, ndiye pamafunika munthu wa dzanja lofatsa, komanso muwauze aboole pambali kuti sikuluu yomangira idutse nkukaluma posti yeniyeniyo osati bushi, mukapanda kutero gayidi izizungulira yokha makina akamanjenjemera. Madalawo anaigwira bwino ntchito, anachedwa chabe poti magetsi anazima ali mkati. Pitani ndi gayidi yomweyo ndi posti yomwe, imazuka mukamasula chomangira chake, ayezere pomwepo. Musawauze manambala apakamwa.

Ndabwerera mmbuyo pang'ono, ndinaiwala kunena za pansi. Anthu ambiri amayang'ana gayidi yapamwamba chifukwa ndi yomwe imaoneka, koma yomwe inkapotoza matabwa anga kwambiri inali ya pansi pa tebulo, yodzaza utuchi wosakanikirana ndi utomoni wouma gwa. Yapansiyi simangidwa paposti, imamangidwa ndi mabawuti awiri pathupi la makina, ndiye yezaninso mpata wa pakati pa mabowo awiriwo musanaitanitse. Kwa ine apa zinakwana mwamwayi, ndinangokulitsa bowo limodzi pang'ono ndi fayilo yozungulira. Musavutike kugwira ntchitoyi tebulo lili pomwepo, mungosupula zala. Zulani pulagi, chotsani blade, masulani zomangira ziwiri za pansi pa tebulo mulinyamule lonse, ndi lolemera ndiye muitane wina. Mukatero zonse zili poyera. Tsukani ndi palafini ndi kaburashi. Allen key mukhale nazo za mitundu yonse iwiri, za mamilimita ndi za mainchi, chifukwa makina anga masikuluu ake ena ndi a inchi pomwe seti yatsopanoyi ndi ya mamilimita, ndipo 5mm ndi 3/16 zimaoneka ngati zofanana mpaka mutabulungitsa mutu wa sikuluu.

Kutchera kwake ndi komwe kuli nkhani. Magayidi onse akankhireni kutali kaye asakhudze kanthu. Ikani blade, makamaka yatsopano, chifukwa yomwe inkakhula pazitsulo zodyeka ija mano ake a mbali imodzi anafumphuka kale ndipo izikokerabe mbali ngakhale mutagula magayidi odula bwanji. Kokani blade mpaka mukaikankha ndi chala pambali izisuntha ngati 6mm, muzungulize wilo ndi dzanja uku mukutembenuza chotchunira chakumbuyo mpaka blade ikhazikike pawilo osayendayenda. Pokhapo ndi pomwe mubweretse magayidi. Mabering'i am'mbali akhale kumbuyo pang'ono kwa timipata ta pakati pa mano, asakwere pa mano ayi, akakwera aphwanya kupindika kwa mano kuja ndipo blade yatha tsiku lomwelo. Mpata wa pakati pa bering'i ndi blade ndi wa pepala. Ine ndimatenga K500 kuikulunga pa blade, kukankhira mabering'i onse awiri mpaka angokhudza ndalamayo, kumanga, kenako kusolola. Mukamamanga sikuluu bering'i imakonda kusuntha kulowera mkati, ndiye igwireni ndi chala ndipo mukamaliza zungulizani wilo muone, isamazungulire nthawi zonse, izingogunda mwa apo ndi apo. Yakumbuyo ikhale ngati 0.4mm kuchokera pamsana wa blade, iziyamba kuzungulira pokhapokha thabwa likamakankha. Zomwezo pansi. Onetsetsani polumikizira blade paja, ngati anawotcherera monenepa pazigunda mabering'i nthawi iliyonse pakamadutsa, mumva tiki tiki tiki, palani ndi mwala wonolera pang'onopang'ono.

China chomwe palibe anandiuza: kwezani posti mpaka pamwamba nkuitsitsanso mpaka pansi uku mukuyang'ana mpata uja. Pa makina ambiri akalewa posti siyenda mofanana ndi blade, mutchera bwino ili pansi, mukakweza kuti mudule thabwa lalitali bering'i imodzi yapana. Yanga imatero pang'ono, ndiye ndimatcheranso ndikasintha msinkhu kwambiri, basi ndinazolowera. Gayidi yapamwamba izikhala ngati 6mm pamwamba pa thabwa, osaisiya kumwamba blade ili pamtetete, zala ndi zanu.

Mabering'i omwe anabwera ndi setiyi anali a ZZ, otseka ndi kachitsulo, ndipo utuchi wosalala umalowabe. Sanachedwe kuyamba kulira. Werengani nambala pambali pake, si achilendo ayi. Am'mbali anga ndi 608, bowo 8mm, kunja 22mm, kuchindikala 7mm, omwe aja a ma skateboard, ndipo yakumbuyo ndi 6200, bowo 10mm kunja 30mm. M'mashopu a mabering'i ndi a zida za njinga zamoto amapezeka, mungonena nambala nkuwonjezera kuti 2RS, a labala uku ndi uku. Gulani owonjezera musunge m'kabotolo. Ndikaganiza kuti chomwe ndinavutikira kudepoti kuja kwenikweni ndi ka aluminiyamu kogwira mabering'iwo basi, mutu umandiwawa, madala a lathe aja atachiona anati achimwene ichi tikanakupangirani konkuno mukanabwera ndi chakalecho.

Paini wa ku Chikangawa akakhala wosauma bwino amamata utomoni pa blade, ndipo mabering'i m'malo mopala amaudinda nkukhala chikhakha, phokoso kuchuluka, mpata uja kutha. Timabuloko tija tinkachita bwino pa chimenechi poti timapala. Ndiye ndikadula paini ndimapukuta mabering'i ndi kansanza ka palafini ndisanaweruke, ndi kumasula blade isagone yokokedwa.

Magayidi akalewo musataye. Blade zing'onozing'ono zochepera 6mm zodulira zokhotakhota sizigwirizana ndi mabering'i chifukwa kumbuyo kwa mano kulibe malo oti agwire. Ine ndinasema timabuloko ta phingo kuchokera ku zidutswa zomwe ndinapempha kwa anyamata a ziboliboli, tsanya nayenso amatha, kutinyika mu oyilo usiku wonse nkutilowetsa mu gayidi yakale ija. Timabuloko ta mtengoti mutha kutipanikiza pa blade mano omwe, amadzikumbira njira okha osawonongeka, tikadyeka mumangodula nsonga ndi kukankhira mkati. Ndikafuna kudula miyendo yokhota ndimamasula sikuluu imodzi, kuchotsa gayidi ya mabering'i pamodzi ndi bushi yake, kubwezera yakale. Yapansi ndimangoikankhira kumbuyo.

Amene mukufuna kuitanitsa, yezani posti ndi vernier, yezani mabowo a pansi, ndipo amene akukugulirani kunjako apite ndi vernier yake akayeze bowo la gayidiyo m'shopu momwemo asanalipire, mawu a wogulitsa oti imalowa paliponse asawamvere. Mumuuzenso atsegule paketi aone ngati masikuluu omangira alimo onse, mwanga munasowa imodzi ya M6 (ya 6mm) ndipo ndinachita kuzula pa chida changa china.