Phala la mwana lisakhale madzi okhaokha

Amayi, mwana akakwanitsa miyezi 6, nkhani ya phala musaitenge mopepuka. Ambiri amaphika la ufa woyera, lamadzimadzi, poopa kuti mwana atsamwa. Komatu kamimba kake ndi kakang'ono, kamangodzaza ndi madziwo, sikelo n'kuima pamodzimodzi.

Phikani la mgaiwa, lolimbirako, loti mukapendeketsa supuni lisamayenderere. Thiranimo supuni imodzi ya nsinjiro, tsiku lina usipa wosinja kapena dzira lopsa bwino. Mtedza muzisankha musanasinje, wachuku uja umawononga chiwindi.

Yambani ndi masupuni akuluakulu 2 kapena 3, kawiri pa tsiku, uku mukuyamwitsabe. Akalavula musamukakamize, lilime silinazolowere, mudzamuyesenso mawa. Uchi chonde ayi, mpaka akwanitse chaka.